Madzi ndi moto pansi pa boneti: chifukwa chake galimoto zathu zimawira

Alamu anga ankachokera ku Salima kubwerera kuno ku Lilongwe, masana a mwezi wa Okutobala, m'galimoto muli ana ndi nsomba zimene anagula ku Senga Bay. Atangoyamba kukwera zitunda zija, kanyali kofiira kooneka ngati batire kanayaka pa dashibodi. Anakayang'ana n'kuuza achemwali kuti, "Batire latopa ili, mawa ndikagula lina ku Biwi." Injini inkalira bwinobwino, choncho anapitiriza ulendo. Sipanathe mphindi 10, kanyali kena kanayaka, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti, galimoto n'kuzima yokha pakati pa chitunda.

Batire lija linalibe mlandu. Chinaduka ndi lamba. Pa injini ngati yawoyo, ya 1NZ, imene ili m'ma Sienta, ma Probox ndi ma Fielder ambiri amene adzaza mumzinda muno, lamba amene amazunguza alitaneta, imene imapanga magetsi a galimoto, ndi yemweyonso amazunguza pampu ya madzi. Kanyali ka batire kaja, ponena kuti moto wasiya kupangika, kankanenanso kuti madzi aima. Lamba wa ndalama zochepa anawalipiritsa gasiketi yomatira hedi (chigawo cha pamwamba pa injini), kusikimitsa hediyo kuti isalale, ndi galimoto yodzawakoka.

Kumagaraja kwathu ntchito tinaigawa: wa mawaya ali ndi shedi yake, wa rediyeta ali ndi yake, wa injini ali kwina. Galimoto yokha siidziwa malire amenewa. Madzi amayenda ndi lamba amene amapanganso magetsi, fani yoziziritsa madziwo imadya magetsi, ndipo kompyuta imene imalamula faniyo imamva kutentha kudzera pa kawaya kakang'ono. Mwini galimoto akaugwira mgwirizano umenewu amayamba kukana njira zachidule zimene zikutha injini zambiri kuno, makamaka ziwiri: kuchotsa thermostat ndi kumanga fani dayilekiti.

Petulo akamayaka mu silinda, moto wake umapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu, amene amapangira hedi ya injini zambiri za masiku ano, amasungunuka pa madigiri 660. Pa mphamvu yonse ya mu lita ya petulo, gawo limodzi mwa atatu, mwinanso losakwana, ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi, ndipo lotsalalo limakhalira m'zitsulo, kudikira kuti madzi alichotse. Mu injini muli tinjira tozungulira masilinda ndi kudutsa mu hedi. Pampu imakankha madzi m'tinjira timeneti, madziwo amatola kutentha n'kupita nako ku rediyeta, kumene amagawikana m'timachubu tambirimbiri topyapyala. Mphepo ikamadutsa pakati pa timachubuto imatenga kutenthako, madzi n'kubwerera ku injini. Mukamathamanga pa M1 kulowera ku Dedza, mphepo imalowa yokha. Mukaima pa mdipiti wa pa mlatho wa Lilongwe madzulo, kapena mukamakwawa pa Malangalanga, mphepo kulibe, ndipo zonse zimatsalira fani.

Chimene chimatisokoneza ambiri n'chakuti timayesa injini yozizira ndiyo yathanzi. Anaipanga kuti izigwira ntchito madzi ali pakati pa madigiri 85 ndi 100, kapena kupitirirapo pang'ono. Pamenepo zitsulo zimakhala zitafufuma kufika pa muyeso wake, oyilo wapepuka moti akufika paliponse, petulo akupsa bwino. Thermostat ndi imene imafikitsa injini pamenepo msanga ndi kuisunga pomwepo. Ndi kachitseko kokhala ndi sipuling'i ndi kabotolo ka phula. Injini ikakhala yozizira, kamatseka njira ya ku rediyeta, madzi n'kumangozungulira mu injini momwemo. Akatentha, phula limasungunuka n'kufufuma, limakankha kachitsulo, njira n'kutseguka. Pa ma Toyota ambiri mudzapeza nambala 82 itadindidwa pa thermostat, amene ndi madigiri amene imayambira kutseguka.

Mawu amene mudzamve kugaraja ndi akuti, "Bwana, aka n'ka ku Japan kozizira, kuno kwathu timakachotsa." Amakaniko athu ndimawalemekeza. Ambiri amakonza zinthu zovuta ndi zipangizo zochepa, ndipo ena anazolowera zimenezi pa galimoto zakale zimene zinkapirira chilichonse. Koma pa mfundo iyi akuphonya. Ku Tokyo mu Ogasiti kumatentha kupitirira madigiri 30, ngati kuno mu Okutobala. Ma Hilux opangidwa ku Durban, oti aziyenda mu Africa mommuno, amabwera ndi thermostat. Madzi akatentha, thermostat yamoyo imakhala itatseguka kale, ndiye siingawiritse injini. Imawiritsa ikafera chitsekere, ndipo mankhwala ake ndi kugula ina.

Ikachotsedwa chimachitika n'chiyani? M'mawa wa mu Juni kapena Julayi, pamene kuno kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, injini imachedwa kufunda. Kompyuta ikaona kuti injini ikadali yozizira imathira petulo wambiri, monga tinkachitira kale ndi choki pa galimoto zakale. Petulo wosapsayo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, maring'i amadyeka, oyilo amada msanga, ndipo mafuta amene tinawagonera pa mzere akungotha chabe. Komanso pa injini zambiri thermostat ili ndi ntchito yachiwiri imene anthu saidziwa: ikamatsegula njira ya ku rediyeta, imatseka kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'kati. Ikasowa, madzi ena amangodutsabe m'kanjirako osafika ku rediyeta. Ndiye pa chitunda ngati cha Khwekhwelere, galimoto yopanda thermostat ikhoza kuwira msanga kuposa yokhala nayo.

Kuiyesa thermostat n'kosavuta. Imangeni ndi kawaya, muilendeweretse mu poto wa madzi pa mbaula, osakhudza pansi. Iyenera kuyamba kutseguka madzi asanabwate, ndi kutsekanso yokha akazizira. Ikangoti duu madzi akubwata, yafa.

Poto yemweyo akutiphunzitsanso china. Kusukulu anatiuza kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma zimenezo n'za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,000, ndipo kuno madzi a mu poto amawira pa madigiri 96 kapena 97. Injini imafika pamenepo tsiku lililonse. Chimene chimaletsa madzi ake kuwira ndi chivindikiro cha rediyeta. Chiyang'aneni bwino, mupezapo nambala 0.9 kapena 1.1. Sipuling'i yake imapanikiza madzi ndi mphamvu imeneyo, ndipo madzi opanikizika chotero sawira mpaka atayandikira madigiri 120. Akafufuma kwambiri chimawalola kupita m'kathanki kapulasitiki kapambali, injini ikazizira chimawalola kubwerera. Labala wake akang'ambika kapena sipuling'i ikatopa, madzi amawira msanga, amapita m'kathanki osabwerera, mwini galimoto n'kumangothira madzi m'mawa uliwonse. Ndaonapo anthu atagula rediyeta yatsopano pamene chinafa ndi chivindikiro, chimene ndi chotsika mtengo kwambiri.

Kupanikizika komweko ndi kumene kumawotcha anthu. Mukatsegula chivindikiro injini ili yotentha, madzi amene anali pa madigiri 110 amasanduka nthunzi nthawi imodzi n'kukuthovokerani kumaso. Chiguduli m'manja sichiteteza nkhope.

Nanga mu rediyeta tizithiramo chiyani? Mu buti ya galimoto zambiri muli chigubu cha malita 5 cha madzi a pampopi kapena a pamjigo. M'njira, zikavuta, madzi alionse oyera aposa kuyenda wopanda madzi. Koma akakhalitsamo amawononga. Suzumirani mu ketulo imene mwakhala mukuwiritsira madzi a pamjigo. Zoyera zokakamira pansizo zimakakamiranso m'timachubu ta rediyeta, n'kutitseka kamodzikamodzi. Madzi okha amabweretsanso dzimbiri, amadya aluminiyamu, ndipo amatha kudya mapiko a pampu mpaka pampu kumangozungulira osakankha kanthu. Rediyeta yotere kunja imaoneka yabwinobwino, chikomekome cha mkuyu. Ambiri amati coolant, mankhwala amadzi othira mu rediyeta, ndi yoletsa madzi kuundana, ndiye kuno n'njosafunika. Kuundana kulibe, inde, koma dzimbiri lilipo, ndipo mankhwala oletsa dzimbiri ndi amene timaigulira. Imakwezanso pang'ono madigiri owirira madzi.

Pogula werengani botolo. Ina anaisakaniza kale, mumangothira. Ina ndi yoti musakanize theka ndi theka ndi madzi otchezedwa, aja amagulitsa othira mu batire, osati asidi. Mtundu wake usakupusitseni: Toyota ili ndi yofiira ndi ya pinki, ena ali ndi yobiriwira kapena yabuluu, koma mtunduwo ndi utoto chabe, ndipo ma coolant ena akasakanikirana amapanga phala. Ngati simukudziwa zimene zilimo, monga zimakhalira ndi galimoto imene yangotsika kumene kuchokera ku Dar es Salaam, khuthulani zonse, tsukani, muthire imodzi. Mukathira, lizani injini hita ili yotsegula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, chifukwa thovu la mpweya mu hedi limawiritsa injini yodzaza madzi. Ndipo chonde musasunge coolant m'botolo la chakumwa. Muli ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni, amapha mwana ndi galu yemwe.

Kudontha kumaoneka bwino m'mawa galimoto isanalire. Yang'anani pansi pamene inagona, ndi zipsera zoyera kapena zofiirira m'molumikizira mapaipi, pansi pa pampu, ndi pamsoko pamene pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta imakumana ndi chitsulo. Finyani mapaipi: yofewa ngati mpira wophwa, yotupa, kapena youma yong'aluka, yatha. Ena amathiramo dzira, ena ufa, kuti zimate bowo. Zimatadi, koma sizisankha bowo, zimamatanso timachubu tabwino. Kunja kwa rediyeta nakonso kumafuna diso. Fumbi la m'chilimwe, udzu, majumbo ndi ngumbi za mvula yoyamba zimadzaza pakati pa rediyeta ndi chinzake cha AC chimene chili kutsogolo kwake. Tsukani ndi madzi ofatsa kuchokera kumbuyo, chifukwa mpope waukali wa kokwechera galimoto umapinda tizitsulo take.

Galimoto ikayamba kutentha, funso loyamba lisakhale loti tichotse chiyani. Funsani kuti imatentha nthawi yanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamatentha mukathamanga kapena pokwera chitunda, koma m'tauni ili bwino, madzi sakuyenda mokwanira: rediyeta yatsekeka, pampu yadyeka, kapena thermostat ikutseguka theka. Ikamatentha patangopita mphindi zochepa mutailiza, paipi ina ili yotentha inayo ili zii, thermostat yafera chitsekere kapena madzi mulibe. Koma ikamatentha mutaima pa mdipiti n'kuzizira msewu ukatseguka, vuto lili pa fani, ndipo apa talowa kale kwa wa mawaya.

Fani ya galimoto zing'onozing'ono zimene timayenda nazo siimazungulira nthawi zonse. Mu njira ya madzi muli sensa imene imauza kompyuta kutentha kwake. Akayandikira madigiri 100, kompyuta imatumiza kamoto kochepa ku relay, relay imatsegulira moto waukulu wodutsa pa fyuzi, fani n'kuyamba. Madzi akatsika madigiri angapo, imazima. Pa unyolo umenewu pali malo asanu kapena asanu ndi limodzi amene angaduke, ndipo ambiri ndi otsika mtengo. Yatsani AC galimoto ili chiimire. Pa galimoto zambiri fani iyenera kuyamba posakhalitsa. Ikayamba, mota yake ndi yamoyo, ndiye kayang'aneni sensa ndi pulagi yake. Ikapanda kuyamba, tsegulani bokosi la mafyuzi la pansi pa boneti, pa chivindikiro chake pali chithunzi chosonyeza malo. Onani fyuzi, kenaka sinthanitsani relay ya fani ndi ina yofanana nayo nambala, monga ya hutala. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Manja ndi malaya zitalikire mapiko ake, chifukwa imatha kuyamba yokha mosayembekezera.

M'malo mofufuza choncho, ambiri amangokoka waya kuchokera pa kiyi kupita ku fani, kuti izizungulira injini ikangolira. Tsiku limenelo mwini galimoto amachoka akusangalala. Koma mota imene inapangidwa kuti izipuma tsopano ikugwira ntchito ulendo wonse, ndipo idzapsa tsiku limene simukuyembekeza. Alitaneta yasenzetsedwa katundu wosatha. Nthawi zambiri waya wokokayo alibe fyuzi. Choipa kuposa zonse n'chakuti vuto lenileni labisika. Ngati inafa ndi sensa, kompyuta ikulandirabe bodza, ndipo ikuyeza petulo potengera bodzalo.

Sensa imeneyi ili ndi chinyengo china chimene woyendetsa aliyense ayenera kuchidziwa. Imayeza madzi. Paipi ikaphulika madzi n'kutha onse, sensa imatsala mu mpweya, ndipo geji imatha kutsika pamene injini ikupsa. Geji ikakwera n'kutsika yokha mwadzidzidzi, hita n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, musati yachira. Ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta ambiri alibenso geji n'komwe, ali ndi kanyali koyaka injini ikakhala yozizira, ndi kofiira koyaka zinthu zitafika kale pothina. Kofiirako kakayaka, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto, patukani pamalo oyamba abwino, zimitsani injini. Dikirani theka la ola kapena kupitirira. Musakhuthulire madzi ozizira pa injini yotentha, hedi imapindika kapena kung'aluka. Ngati pambuyo pake madzi akumatha osaoneka podontha, utsi woyera wonunkhira motsekemera ukutuluka injini itafunda kale, thovu likubwera mu rediyeta osaleka, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, gasiketi yapita.

Tsopano moto umene fani, sensa ndi kompyuta zimadya umachokera kuti? Ambiri timati ku batire. Batire ndi nkhokwe chabe. M'kati mwake muli zipinda 6, chilichonse cha ma volt 2.1, ndipo ntchito yake yaikulu ndi ya masekondi ochepa, kupatsa sitata ma amp oposa 100 kuti injini ilire. Ikangolira, alitaneta ndiyo imadyetsa galimoto yonse ndi kubweza zimene zinatengedwa munkhokwe. N'chifukwa chake kanyali ka batire kamayaka mukapotoza kiyi n'kuzima injini ikalira. Kakayaka muli m'njira, tanthauzo lake n'lakuti alitaneta yasiya kupereka moto. Patukani, tsegulani boneti, yang'anani lamba. Ngati alipo ndipo ndi wolimba, mukhoza kuyendako pang'ono ndi moto wa batire, mutazimitsa wailesi ndi AC, maso ali pa kutentha. Ngati waduka, ulendo wathera pomwepo.

Kamita koyezera magetsi n'kotsika mtengo kuposa batire, ndipo kamathetsa mikangano yambiri. M'mawa, galimoto itagona usiku wonse, batire lodzaza limaonetsa ma volt 12.6. Likaonetsa 12.2 lili pa theka, likatsika pansi pa 12 latha moto. Wina akamaliza injini inu mukuyang'ana, lisatsike pansi pa 9.6. Injini ikalira, muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo mukayatsa nyali, AC ndi fani nambalayo isagwe kwambiri. Ikakhala pa 12, alitaneta sikutchaja. Ikapitirira 15, ikutchaja mopyola, ikuphika batire ndi kupsereza mababu. Alitaneta yofooka imaonekera kwambiri usiku pa mdipiti, injini ikulira pang'onopang'ono, nyali zili choyaka: fani imazungulira mwaulesi, ndipo galimoto imatentha pamene njira ya madzi ilibe vuto lililonse.

Pali kayesedwe kena kofala kamene ndimakaopa: kuzula temino ya batire injini ikulira, ati ikapanda kuzima ndiye kuti alitaneta ili bwino. Batire ndi limene limameza moto ukadumpha. Mukalichotsa, motowo umakagwera kompyuta ndi ma diode a mu alitaneta momwemo. Munthu akafuna kutero pa galimoto yanu, mugwireni mkono mwaulemu.

Batire limadana ndi zinthu zitatu zimene kuno zilipo zambiri: kutentha, kugwedezeka ndi kutheratu moto. Kutentha kwa pansi pa boneti kumaumitsa madzi ake, choncho ngati lili ndi zotsekera, onani kuti timapuleti tamira, muwonjezere madzi otchezedwa okha. Pafupi pake pasakhale fodya kapena machesi, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika. Kugwedezeka m'maenje a misewu ya m'makwalala kumaswa timapuleti, ndiye limangidwe ndi chitsulo chake, osati chingwe cha mphira. Kutheratu moto ndi kumene kumalipha mwakachetechete. Pa mzere wa mafuta timamvera wailesi, timatchaja mafoni, timaliza injini kuyenda mamita 5 n'kuzimitsanso, kambirimbiri, alitaneta osapatsidwa mpata wobweza. Ena magetsi akazima kunyumba amazula batire kukaonera TV. Batire la galimoto likatheratu kangapo silidzazanso ngati kale. Pogula lina, werengani nambala ya lakale. Pa 46B24L, mwachitsanzo, 24 ndi utali wake m'masentimita, ndipo L akunena mbali imene temino ya negative ili. Mukagula la R, mawaya safika.

Galimoto zambiri zimene zimangoti kete mukapotoza kiyi sizifuna batire latsopano. Tsegulani boneti muone matemino. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatchinga moto. Soda, yemwe uja timaphikira therere, mu madzi ofunda, ndi kaburashi, amauchotsa. Mangani zolimba, pakani girisi pang'ono pamwamba. Kukhoma temino ndi mwala kapena kulowetsapo msomali kumaswa chivindikiro cha batire, asidi n'kumatuluka, ufa uja n'kuchuluka. Pomasula yambani ndi negative, pomanga malizani ndi negative, kuti sipanala ikakhudza bodi isathetheke. Ndipo tsatirani waya wakudayo kumene akupita. Moto wonse umabwerera ku batire kudzera m'bodi ndi mu injini, pa mawaya a ethi. Limodzi la mabawuti ake likachita dzimbiri, kapena makaniko akaiwala kumanga waya wa ethi atatsitsa injini, mumaona zodabwitsa: nyali zikuphethira, sitata ikulemera, geji ikunama.

Pojampa, waya wofiira apite pa positive mbali zonse ziwiri, wakuda pa negative ya galimoto yamoyo, ndipo nsonga yomaliza pa chitsulo cha injini ya yakufayo, patali ndi batire. Otomatiki siilira ndi kukankha.

Fyuzi ndi kawaya kopangidwa dala kuti kapse m'malo mwa galimoto. Yofiira ndi ya ma amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Ikapsa kamodzi, ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso, penapake pali shoti, ndipo kuikapo yaikulu, kapena kukulunga waya ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndi kusamutsira motowo ku mawaya a kuseri kwa dashibodi. Shoti zambiri timaziitana tokha. Mawailesi a ku Japan, pa FM, amayambira pa 76 n'kulekezera pa 90 kapena 95, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zimafika ku 108, ndiye galimoto zambiri zimadulidwa mawaya zikangofika, kuika expander, kachipangizo kothandiza wailesiyo kugwira nyumba zathuzi, kapena wailesi ina. Kenaka alamu yotetezera akuba, tracker, masipika a mu buti, nyali zowonjezera. Mawaya akangopotedwa ndi zala n'kukulungidwa tepi, kutentha kumasungunula tepiyo. Chilichonse chowonjezera chikhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Ngati batire labwino likumatha galimoto ikagona masiku awiri, yambani kukayikira zowonjezerazo. Galimoto yogona siyenera kudya kupitirira ma milliamp 50, ndipo wa mawaya wodziwa ntchito amazula mafyuzi imodziimodzi mpaka atapeza imene ikuba moto. Amene mumanyamula chimanga kuchokera kumudzi, sesani bwino m'galimoto, makoswe akalowa amatafuna mawaya.

A ma hybrid, monga Aqua ndi Prius, nkhani yanu ndi yosiyanako. Alitaneta mulibe, batire laling'ono limatchajidwa kuchokera ku lalikulu, limene pa Aqua zambiri ndi la ma volt 144 ndipo pa Prius limapitirira 200. Mawaya a mtundu wa lalanje asakhudzidwe ndi munthu wosaphunzira, amapha. Inverter, imene imasintha moto wa batire lalikulu kuti uyendetse mota, ili ndi madzi akeake ndi kathanki kake, ndipo batire lalikulu limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya pafupi ndi mpando wakumbuyo. Fumbi lathuli limakatseka, katundu ndi zitenje zimatchinga polowera mpweya, batire la ndalama zambiri n'kumapsa pang'onopang'ono.

Atatsegula injini ya alamu anga, anapeza kuti thermostat munalibe, anaichotsa amene anali nayo galimotoyo poyamba, ndipo mu rediyeta munatuluka madzi ofiira ngati a mu Lingadzi mvula itagwa. Lamba uja, titatola zidutswa zake, anali ndi ming'alu m'kati monse, ndipo alamu anakumbukira kuti kwa milungu ingapo ankalira kwii m'mawa uliwonse akangoliza injini. Anabwezeretsa thermostat ya 82, anagula chivindikiro chatsopano, anathira coolant. Masiku ano kanyali ka kuzizira kamazima asanafike pa tala wa ku Area 25, ndipo mu buti, pambali pa jeke, muli lamba watsopano ndi masipanala awiri omumangira.